Vuto lobisika pansi pa bala: zomwe ndaphunzira pa cheza cha m'fiyeta

Tchuthi chino ndili kwa malume ku Senga Bay, koma mabuku sindinawasiye ku Lilongwe. Ndikuphunzira za kujambula ndi kuchiza ndi cheza, ndipo aphunzitsi anatipatsa ntchito yoti tibwere nayo potsegulira: kusankha chithandizo chimodzi cha khansa, kulemba paliponse pomwe zinthu zingalakwike, n'kuzisanja kuyambira choopsa kwambiri. Ine ndinasankha IORT, cheza chomwe amapereka wodwala akadali pa tebulo la opareshoni, bala lisanasokedwe.

Dotolo akachotsa chotupa, tinene cha m'bere, malo omwe chinali amawawomba ndi cheza pomwepo, kamodzi kokha. Ku Milan, gulu la Umberto Veronesi linkapereka ma Gy 21 (Gy ndi muyezo wa cheza chomwe thupi lalandira) nthawi imodzi pogwiritsa ntchito cheza cha ma electron. Ku London, Jayant Vaidya ndi anzake anagwiritsa ntchito Intrabeam, makina a X-ray a 50 kV okhala ndi kampira kolowetsa m'balamo. Pa radiotherapy ya masiku onse, wodwala amalandira pafupifupi ma Gy 2 patsiku kwa milungu ingapo, ndiye mukalakwitsa Lolemba, masiku otsalawo mutha kukonzako. Pa IORT mlingo wonse umalowa nthawi imodzi, ndipo ukalowa walowa.

Njira yomwe tikugwiritsa ntchito posanja mavutowa ndi FMEA, yomwe lipoti la TG-100 la mu 2016 la AAPM, bungwe la ku America la akatswiri a fizikisi ya zachipatala, linailimbikitsa pa ntchito za cheza. Vuto lililonse mumalipatsa manambala atatu, lililonse kuyambira 1 mpaka 10: limachitika kawirikawiri bwanji, lingavulaze bwanji, komanso n'kovuta bwanji kuligwira lisanafike kwa wodwala. Mukachulukitsa atatuwo mumapeza nambala ya chiopsezo, yomwe singapose 1,000.

Choyamba kulemba ine chinali kuthima kwa magetsi. Tinakulira nako, ndiye n'chomwe chinabwera m'mutu. Ndinakupatsa 7 pa kuchitika, 3 pa kuvulaza, koma pa nambala yachitatu ndinakakamizika kulemba 1, chifukwa magetsi akathima palibe yemwe sangadziwe, komanso makina amasunga kuchuluka kwa cheza chomwe chaperekedwa kale. Zonse pamodzi 21 basi. Kenako ndinafika pa kambale kachitsulo komwe dotolo amaika pansi pa nyama ya bere kuti cheza cha ma electron chisafike pa nthiti, mapapo ndi mtima. Kambale kameneka kakasendera pambali, ndani aona? Kali pansi pa nyama, pamwamba pali chubu cha makina, wodwala ali m'tulo ta mankhwala, ndipo anthu atuluka m'chipindamo akungoyang'ana pa sikirini. Cheza sichioneka, sichinunkha. Pa pepala langa ndinalemba 3, 8 ndi 8, zomwe zinapereka 192. Ndinakhala kanthawi ndikuyang'ana manambala awiriwo, 21 ndi 192, chifukwa mantha anga ndinali nditawaika pamalo polakwika.

Madzulo ndinapita kugombe komwe malume amakonza boti lawo asanapite kokoka usipa. Anali atagwada akupapasa thabwa lililonse ndi dzanja.

“Malume, bwanji mukutaya nthawi pansipo, pomwe injini ndi imene imakuvutitsani?”

“Injini ikadwala imatsokomola, mwana wanga, ndimaimva ndili pano. Mng'alu wa pansi pa thabwa ndi umene sulankhula. Umaudziwa uli pakati pa nyanja, mwera utayamba.”

Sindinawauze kuti andifotokozera nambala yachitatu ija bwino kuposa mmene ndinailembera.

Nkhani yomwe yandisautsa kwambiri powerenga si ya IORT ayi, ndi ya ku San José, ku Costa Rica, mu 1996. Atasintha gwero la cobalt-60, chitsulo chotulutsa cheza, m'makina ochizira khansa, poyeza mphamvu yake anawerenga mphindi 0.3 ngati masekondi 30, pomwe ndi masekondi 18. Makina anaoneka ngati ofooka kusiyana ndi mmene analili, odwala anaikidwa nthawi yaitali, ndipo anthu 115 analandira cheza choposa muyezo. Ena anamwalira. Masamu a ku pulayimale, koma panalibe munthu wachiwiri wowerengera payekha. Zimandiwawa ndikaganiza kuti anthu amenewo anapita kuchipatala kukafuna moyo.

N'chifukwa chake mbali ya kapewedwe ndailemba ndikuganizira za kugwira vuto msanga. M'mawa wa opareshoni makina ayezedwe ngati akutulutsa mlingo woyenera. Kukhuthala kwa nyama kuyezedwe ndi singano kapena ultrasound asanasankhe mphamvu ya ma electron. Dotolo atsimikize kuti kambale kali m'malo mwake ataika kale chubu, osati asanaike pokha. Anthu awiri awerengere mlingo aliyense payekha, osaonerana, kenako wina awerenge manambala mokweza wina akuyang'ana pa makina. Kachipangizo koyezera cheza kaikidwe m'balamo. Zambiri mwa izi n'zofanana ndi kaimidwe ka pa mndandanda wa chitetezo pa opareshoni wa WHO wa mu 2008, pomwe gulu lonse limaima kaye mpeni usanagwire khungu.

Chomwe chikundivutabe n'chakuti zonsezi zimafuna munthu wonena kuti “imani kaye”. Ifetu tinaleredwa kuti mwana sadula mawu akuluakulu, ndipo m'fiyeta dotolo wamkulu ndi mfumu. Pa pepala langa ndaonjezera mzere woti wowerenga manambala mokweza akhale wamng'ono pa onse, kuti kulankhula ikhale ntchito yake yopatsidwa, osati chipongwe.

Ndikabwerera kokaphunzira ntchito m'chipinda cha X-ray, ndikufuna ndikapange tebulo lomweli pa zomwe timachita tsiku ndi tsiku. Mzere woyamba ndaulemba kale: kachilembo ka L ndi R komwe timaika pa chithunzi posonyeza kumanzere kapena kumanja. Pa nambala yachitatu ndakapatsa 9.