Seva ya database itasandutsidwa domain controller pa sabata ya malipiro

Sabata yathayi inali ya malipiro a othyola tiyi pa esiteti yomwe ndimagwirako ntchito ya makompyuta kuno ku Thyolo, ndipo m'dzinja muno masamba amachuluka moti makilogalamu ochokera ku masikelo amalowa mu database (nkhokwe ya zolemba ya pa kompyuta) tsiku lonse. Zina zinali zamasiku onse, monga mapasiwedi oiwalika ndi switch (chipangizo cholumikiza makompyuta) ya ku fakitale yomwe inapsa ndi mphenzi. Chimene chinandipweteka mtima ndi chomwe tinapeza Lolemba m'mawa.

Domain controller yathu yakale, seva (kompyuta yotumikira makompyuta ena) yomwe imatsimikizira maakaunti ndi mapasiwedi a olowa pa netiweki, yakhala ikuonetsa kuti disiki yake yatsala pang'ono kufa, ndipo takhala tikupempha seva ina koma akuluakulu amati ndalama palibe. M'malo mwake anaitana katswiri wa ku Blantyre yemwe Loweruka, popanda kutifunsa ife, anasandutsa seva ya SQL Server (pulogalamu yoyendetsa database zathu) kukhala domain controller yachiwiri. Iye anaona kuti anthu akutha kulowa pa netiweki, n'kubwerera kwawo.

Lolemba SQL Server inakana kudzuka, ikungopereka error 1069, kutanthauza kuti akaunti yoidzutsira yalephera kulowa. Anzanga a ntchitoyi mukudziwa kuti seva ikalowa m'gulu la ma domain controller, maakaunti ake a local (a pa seva yokhayo) amachotsedwa, ndipo service yathu ya SQL Server (pulogalamu yoyenda yokha kuseri) inkayendera akaunti yotereyo. Ndinapanga akaunti ya domain (yodziwika pa netiweki yonse), ndinaiika kudzera mu SQL Server Configuration Manager osati mu services.msc, kenaka ndinailembetsa pa "Log on as a service" (chilolezo choyendetsa service) mu Default Domain Controllers Policy (malamulo a ma domain controller onse), chifukwa chilolezocho chikangoperekedwa pa seva yokhayo policy imeneyi ikhoza kuchifafaniza. Service inadzuka, koma database ya masikelo ndi ya malipiro zinaima pa Recovery Pending, kutanthauza kuti sizinkatseguka. Mu ERRORLOG, momwe SQL Server imalemba mavuto ake, munali operating system error 5, kutanthauza kukanizidwa kulowa: mafayilo a database a .mdf ndi .ldf ali pa disiki ina, ndipo zilolezo za foda yake zinkalozabe SID (nambala yozindikiritsa) ya akaunti yomwe kulibenso. Nditakonza zilolezozo ndi kuyatsanso service, DBCC CHECKDB, yomwe imayeza ngati database yaonongeka, sinapeze vuto lililonse.

Nthawi yonseyi akalaliki a kumunda ankalemba makilogalamu m'makope, mvula ikugwa, ndipo akapitawo ankaimba foni kufunsa choti auze anthu. Munthu amene wathyola tiyi kuyambira m'bandakucha amafuna kuti kilogalamu iliyonse ioneke pa malipiro ake, ndipo nambala imodzi ikalakwika pokopera amataya ndalama ndi iyeyo. Tinalowetsa zam'makopezo mpaka usiku, kenaka Lachitatu ndi Lachinayi tinaziyerekeza ndi zolemba za ku fakitale mzere ndi mzere. Lachisanu anthu analandira ndalama zawo zonse pa nthawi yake, ndipo zimenezo ndimanyadira.

Koma vutoli silinathe. Malangizo a Microsoft amanena momveka kuti kompyuta yomwe ili kale ndi SQL Server siyenera kusandutsidwa domain controller musanachotse SQL Server, choncho zomwe tachitazi n'zongogwirizira. Kuibweza sevayo mwakale mosasamala kukhoza kuigwetsanso. Ndalembera akuluakulu kuti agule seva ina tisanafike sabata ina ya malipiro, kuti tisamutsireko database kuchokera pa backup (kope losungira) yomwe tayesa kuibwezeretsa, komanso kuti aliyense wochokera kunja asakhudze seva popanda wa ofesi yathu kukhalapo.