Zimene tinakaona ku Chawama: supuni ya agogo

Tinanyamuka ku Chipata mbandakucha, amayi 9 ndi abambo awiri a gulu lathu loyendera odwala ndi okalamba m'makomo. Msewu wa Great East ndi wautali, makilomita opitirira 550, moti powoloka mlatho wa Luangwa nyimbo zinali zitatha m'kamwa. Tinatsikira pa siteshoni ya mabasi ya Intercity mu Lusaka dzuwa litapendeka, anzathu a mpingo wa ku Chawama akutidikira.

Anatiitana kuti tikaone mmene amagwirira ntchito ndi mayi wina amene anaphunzira occupational therapy. Ine ndinkayesa ndi afizo omwe aja owongola miyendo. Mayiyo anatimasulira kuti afizo amalimbitsa mkono, pomwe iye amayamba wafunsa chimene mwini mkonoyo akufuna kuchita: kudya, kumanga chitenje, kupita kuchimbudzi popanda womugwirira.

M'mawa mwake tinalowa m'nyumba ya agogo ena amene anagwidwa ndi sitiroko, nagonekedwa ku chipatala chachikulu cha UTH. Dzanja lamanja linali lofooka, zala sizinkatha kufumbata. Mdzukulu wawo ndiye ankawadyetsa, kuwasambitsa ndi kuwaveka, ndipo ife tinamuyamikira kwambiri mtsikanayo. Mayi uja anagwada pafupi ndi mphasa.

"Agogo, mukulakalaka kuchita chiyani nokha?"

"Mwanangu, ndimwe phala popanda munthu wondiyang'ana pakamwa."

Anatenga supuni, nakulunga chogwirira chake ndi mphira wa chubu cha njinga mpaka chinanenepa. Pansi pa mbale anayala kansalu konyowa kuti isamaterereke. Agogowo anayamba. Dzanja linkanjenjemera, phala lina linagwera pachifuwa, mdzukulu anatambasula dzanja kuti alande supuni. "Dikira kaye, mwanangu," anatero mayiyo motsitsa mawu. Mbale ija inatenga nthawi yaitali, koma inatha.

Pamenepo mtima wanga unabwerera kwathu. Apongozi anga atayamba kudwala nyamakazi, ndinawalanda mthiko, tsache, ngakhale lichero lopetera. Ndinkati ndikuwapatsa ulemu. Anangokhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka madzulo, miyendo inauma, ndipo anasiya ngakhale kucheza. Zimandiwawa mpaka lero, chifukwa ndinazichita ndi mtima wachikondi. Ambiri a ife m'gulumu tinachitapo zomwezo.

Kunyumba zina tinaona zinthu zoti kalipentala aliyense angapange. Mpando wamatabwa wobowola pakati amauika pamwamba pa dzenje la chimbudzi, chifukwa kunjuta n'kumene kumagonjetsa mawondo okalamba. Mtengo wolimba amauzika pafupi kuti munthu agwire podzuka. Kubafa kumakhala kampando kosambirapo. Anatiphunzitsanso kuti povala malaya, mkono wofooka ndiwo uziyamba kulowa, ndipo povula uzikhala womalizira. Za kugwa anatsindika kwambiri: nkhalamba ikathyoka fupa la m'chiuno, nthawi zambiri siidzukanso pamphasa. Nthawi ya dzinja, madzi akadzaza m'tinjira ta ku Chawama ndi ku Kanyama, ngozi imeneyi imakula.

Madzulo abusa a kumeneko anatikumbutsa zimene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena, kuti pofika 2030 munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse padziko adzakhala wa zaka 60 kapena kuposerapo. Ndalama zimene boma limapereka kwa osauka, za Social Cash Transfer, zimene zinayambira ku Kalomo mu 2003, zikuthandiza makomo ambiri kugula ufa ndi sopo. Koma ophunzira ntchito ya mayi uja ndi ochepa zedi, ndipo kumidzi kwathu sitinamuonepo ndi mmodzi yemwe. Boma liyenera kuphunzitsa ambiri ndi kuwatumiza kuzipatala za m'maboma.

Pobwerera, m'basi momwemo, tinalemba mayina a okalamba 14 amene timawayendera, ndi chimene aliyense ankakonda kuchita asanadwale. Bambo mmodzi wa m'gulu lathu ndi kalipentala, ndipo walonjeza mipando itatu yoyambirira isanafike 1 October, tsiku lokumbukira okalamba.