Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsamba lomwe ndinkafuna kutaya

Mu gawo lapita lija ndinakuuzani mmene achimwene anandisiyira thanki yawo ya nsomba ya malita 80 pomwe amasamuka. Nsomba sizinandivute ayi, ndinazizolowera msanga. Zomera ndi zomwe zinandisowetsa tulo, komanso ndi zomwe zinanditenga mtima mpaka lero.

Munali mitundu itatu, Java fern, Anubias ndi ka Cryptocoryne kamasamba ofiirira. Ineyo ndinkadziwa kuti chomera chilichonse amachikwirira basi, ndiye nditatsuka thanki ija ndinazikwirira zonse mumchenga mpaka m'khosi n'kutsendera ndi chala kuti zisayandame. Sipanathe masabata atatu Anubias anayamba kuthothoka, kungokhudza tsamba limachoka lokha, ndipo nditazula ndinapeza tsinde lokwawa lija lafewa, lada bii, likununkha. Mtima unandiwawa zedi chifukwa chomera chimenecho achimwene anachisunga zaka. Usiku womwewo ndinawaimbira foni.

"Iwe, tsinde limenelo sakwirira," anatero. "Mizu ndi timaulusi tapansito. Chonenepa chobiriwiracho ndi rhizome, chimafuna madzi azichidutsa. Dula powolapo, chotsalacho umangirire pamwala."

Ndinatenga lezala yatsopano n'kudula mpaka ndinafika polimba, panatsala kachidutswa ka masamba anayi. Ndinakamanga pamwala ndi ulusi wathonje, osathina kwambiri, Java fern naye ndinamufukula n'kumumanga pamtengo. Ulusi wathonje ubwino wake umawola wokha mizu ikakhala kuti yagwira kale. Pambuyo pake ndi pomwe ndinamvetsa kuti Anubias kwawo, m'mitsinje ya kumadzulo ndi pakati pa Africa, amamera choncho, chomata pamiyala ndi pamitengo mumthunzi, nchifukwa chake sathamanga kukula. Wangayo ankatulutsa tsamba limodzi pamwezi, ndipo tsamba loyamba litatuluka, lobiriwira mowala litapindika ngati kakalata, ndinakhala pansi n'kumangoliyang'ana.

Cryptocoryne yekha ndiye amafunadi mchenga, koma amadana ndi kusunthidwa. Masamba ake onse anasungunuka ngati pepala lonyowa m'masiku ochepa. Achimwene anati ndisazule, mizu ili moyo. Patatha mwezi anaphukiradi.

Kenako kunabwera ndere. Getsi la pathanki ndinkaliyatsa kuyambira m'mawa mpaka pogona, maola 14, poganiza kuti zikula msanga, koma zomera zokula pang'onopang'ono sizitha kugwiritsa ntchito kuwala konseko ndiye ndere ndi yomwe imadyerera, inakuta masamba a Anubias ndi galasi lomwe. Ndinatsitsa kufika maola 7, kusintha kota ya madzi sabata iliyonse, kuchepetsa chakudya cha nsomba, ndipo pang'onopang'ono inabwerera m'mbuyo.

Koma tsiku lomwe sindidzaiwala ndi la Java fern. Tsamba lake lalikulu linali litayamba kuda kunsonga, kunsi kwake kuli timadontho tofiirira tandandalika m'mizere, ine n'kumati kwabweranso matenda. Sizasi ili m'manja, dzanja lili m'madzi mpaka m'chigongono, ndinalitembenuza tsambalo kuti ndione podula. Abale anga, kunsonga kuja kunali timasamba tating'ono ngati chikhadabo cha khanda, kalikonse kali ndi timizu take takuda ngati tsitsi. Tsamba lomwe ndimati lafa linali likubereka ana. Timadontho tam'mizere tija eti si matenda, ndi mosungira njere zake zonga fumbi zomwe amati ma spore, ma fern ambiri amatero.

Ndinalidulabe koma sindinataye, ndinalisiya lizingoyandama pakona. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkawerenga, tinakwana 11. Tikafika masentimita 3 kapena 4 ndinkatinyotsola ndi zala mosamala n'kumanga kalikonse pakamwala kake. Tiwiri tinakokedwa ndi fyuluta yosefa madzi, tina tonse tinagwira.

Achimwene atabwera kudzacheza patatha miyezi ingapo anaima pathanki paja nthawi yaitali osayankhula. Pochoka ndinawapatsa botolo la madzi muli timiyala titatu, kalikonse kali ndi mwana wa Java fern wawo yemwe uja. Anandifunsa ngati ndingakwanitse Vallisneria, uja amayala mphukira pansi pa mchenga mpaka kudzaza thanki yonse, ndinati bweretsani. Zomwe anandichita Vallisneria ameneyo ndikuuzani mu gawo 10.