Dzina la ndani lilowe pa trust ya mfuti?

Ndinayamba kusaka agwape kuno ku Indiana chifukwa cha mnzanga wa kuntchito, ndiye patapita zaka zingapo khutu langa lakumanja linayamba kulira lokha usiku, kaphokoso kaja kosasiya, moti mayi a kunyumba anandiuza kuti bambo, mwina musiye kusakako kapena mupeze chochepetsa phokoso la mfutiyo. Ndi mmene ndinaganizira zogula sailensa mu 2024. Ndipo ndinene pompano kuti sailensa sizimitsa kulira kwa mfuti ayi, mfuti imalirabe ndithu, kungoti imalira mosaononga makutu kwambiri.

Kuno ku America, m'ma state ambiri, mfuti wamba yosakira mutha kugula kusitolo tsiku limodzi akangofufuza mbiri yanu, koma pali gulu lina la zida lomwe lili pansi pa lamulo la 1934 lotchedwa National Firearms Act. M'gulumo muli sailensa, raifo yomwe mpope wake sufika mainchesi 16, shotigani ya mpope wochepera mainchesi 18, mfuti zachiwaya ndi zophulika zina. Zimenezi chilichonse chimalembetsedwa pachokha kuboma kudzera ku ATF, nthambi ya boma yoona za mfuti, ndipo msonkho wake unali madola 200 kuyambira 1934 osasinthako, tangoganizani kuti nthawi imeneyo 200 inali ndalama yoti munthu wamba sakanaigwira. Ine ndinalipira 200 yomweyo. Lamulo lomwe linasainidwa pa 4 July 2025 linatsitsa msonkhowu kufika pa 0 kwa masailensa ndi mfuti zazifupizo kuyambira pa 1 January 2026, koma zachiwaya ndi zophulika zikadali pa 200, ndipo kulembetsa kwenikweniko sikunachoke.

Tsono nkhani ya trust imabwera chonchi. Mukalembetsa sailensa m'dzina lanu, ndi inu nokha amene mukuloledwa kuisunga. Mkazi wanu sangaitenge kupita nayo kutchire inu muli kuntchito, ngakhale kumupatsa kiyi wa sefu yomwe muli chinthucho maloya amati osatero. Izi zinandikhudza kwambiri chifukwa ife tinakula kuti katundu wa pakhomo ndi wa tonse, njinga ya malume aliyense amakwera, khasu la agogo limalima munda wa aliyense, koma apa boma likuwerenga dzina ndi dzina ndipo kulakwitsa kumatha kukupititsani kundende mpaka zaka 10. Trust ndi chikalata chomwe mumalemba motsatira malamulo a state yanu, n'kusainira pamaso pa notary, munthu amene boma linamuloleza kuchitira umboni masiginecha, ndiye mwini wake wa chidacho amakhala trust yo, ndipo matrustee, anthu oyendetsa trust yo, onse amene mwawalembamo amaloledwa kuchisunga ndi kuchigwiritsa ntchito.

Anthu ena amauzana kuti trust ndi njira yachidule yozembera kufufuzidwa. Imeneyo ndi nkhani yakale. Chisanafike chaka cha 2016 zinalidi zopepukirapo, munthu wolembetsa payekha ankafunika siginecha ya mkulu wa polisi wa dera lake ndipo akulu ena ankangokana basi, pomwe trust sinkafuna siginechayo kapena zidindo za zala. Koma kuyambira pa 13 July 2016, pomwe lamulo la 41F linayamba kugwira ntchito, aliyense amene ali ndi mphamvu pa trust amadzaza fomu yakeyake ya 5320.23, amapereka chithunzi chonga cha pasipoti ndi zidindo za zala, ndipo amafufuzidwa mbiri yake. Lamuloli linati mkulu wa polisi muzingomutumizira kope kuti adziwe, simupemphanso chilolezo chake. Fomu yogulira kwa dila ndi Form 4, imapita limodzi ndi kope ya trust yonse, ndipo sailensa imakhalabe kusitolo mpaka ATF itavomereza, ngakhale mwalipira kale ndalama yonse.

Pomwe tinakhalira nthawi yayitali ine ndi mayi a kunyumba si pa mafomu ayi, ndi pa mayina. Iwo ndi ine zinali zosavuta, tonse tili ndi green card ndipo lamulo limatilola. Koma pakhomo pathu pamakhala mphwanga, mwana wa achemwali anga amene anabwera kudzaphunzira pa viza ya sukulu, mwana wabwino, wolongosoka, ndimapita naye kutchire amandinyamulira katundu. Mtima wanga unkafuna kuti ndimulembemo, ndinkaona ngati kumusiya ndi kumupatula pa banja. Loya anatifotokozera bwinobwino kuti munthu wa viza yongokhala kwakanthawi lamulo la dziko limamuletsa kusunga mfuti pokhapokha pali zifukwa zapadera monga laisensi yosakira, ndipo anati ngakhale mpatawo ulipo, laisensi ikangotha osaikonzanso mwanayo wagwa m'mlandu womwe ungamuthamangitse m'dziko muno sukulu asanamalize. Ndinamuyitana madzulo n'kumuuza kuti mphwanga, dzina lako sindilembamo ndipo nambala ya sefu sindikupatsa, si kuti sindikukhulupirira koma amayi ako anandipatsa iwe kuti ubwerere ndi digiri. Anati ndamva malume, ndipo anamvadi.

Zimenezi zimakhudzanso wachibale aliyense amene anapezekapo wolakwa pa mlandu waukulu, kapena pa mlandu wa nkhanza za m'banja ngakhale utaoneka waung'ono. Munthu wotero simungamupange trustee, ndipo kumulemba chifukwa chochita manyazi kumukaniza ndi kumuyika m'mavuto inu nomwe.

Mbali ina yomwe inandikoka ndi ya imfa. Ambiri tinaonapo kumudzi momwe katundu wamasiye amavutira, mwini wake asanaikidwe n'komwe anthu ayamba kale kugawana. Chida chonga ichi sichingagawidwe choncho, wina kungochinyamula kuti chinali cha achimwene anga ndi mlandu. Mu trust mumalemba amene adzatsale akuyendetsa zinthu ndi amene adzalandire, mwana wathu wamkazi akadali wamng'ono ndiye tinamulemba ngati wodzalandira chabe, sakhala ndi mphamvu pano choncho sanafunike zidindo za zala. Tsiku likadzafika chidacho chimasamutsidwa ndi Form 5 popanda msonkho, bola wolandirayo akhale woti lamulo likumulola komwe akukhala.

Pajatu trust siposa lamulo la state. Ku Illinois, pafupi pompano, sailensa ndi yoletsedwa kwa anthu wamba, chimodzimodzi ku California, New York ndi New Jersey, ndiye pepala langa la ATF silingandithandize ndikawoloka nayo malire kupita ku Chicago. Raifo yaifupi kapena shotigani yaifupi nayo kuti mutuluke nayo mu state yanu muyenera kupempha kaye ndi fomu 5320.20.

Kanthu kamodzi komwe loya anatichenjeza tisanasaine ndi dzina la trust. Ine ndinkafuna dzina lalitali lokhala ndi mfunda wathu ndi mudzi wathu womwe, koma anati tsiku lina mukadzafuna kufupikitsa raifo yanu ndi Form 1, dzina lonselo pamodzi ndi mzinda ndi state lidzayenera kuzokotedwa pachitsulo cha mfutiyo. Tinangosiya mfunda wokha basi. Chivomerezo chitabwera pa imelo ndinasindikiza makope awiri, ina ili mu sefu, ina imayenda m'chikwama cha mfuti nthawi zonse tikamapita kutchire.