Corolla 160i yasiya kukwera ndi kutsika pa idle

Toyota Corolla 160i ya injini ya 4A-FE, imene kulira kwake kunkakwera ndi kutsika pa idle (injini ikulira yokha osaponda akiseleleta), tsopano ikatentha ikuima cha pa 800 rpm, singano osagwedera. Chimene chadya masiku ambiri ndi kanjira ka madzi kamene kali kunsi kwa throttle body (khomo lolowera mpweya mu injini), kochepa ngati chitsulo cha bolopeni, kamene kanali katatsekeka ndi dzimbiri. Anzanga amene muli ndi Corolla, Conquest kapena Tazz ya injini imeneyi, kayang'aneni kameneka musanataye ndalama pa masensa.

Matenda ake anali otere. Ikakhala yozizira imalira bwinobwino, mokwera pang'ono monga mwa nthawi zonse. Ikangotentha, singano imakwera kufika cha m'ma 1,500, n'kugwa mwadzidzidzi, n'kukweranso, osapuma. Ambiri akamva kulira kotere amathamangira pampu ya petulo kapena ma injector, koma mafuta alibe mlandu. 4A-FE imayeza mpweya ndi MAP sensor, ndiye mpweya wina ukalowa mozemba, kompyuta imauona ndipo imawonjezera petulo, injini n'kuthamanga. Nthawi yomweyo TPS, sensa yoona mmene throttle yatsegukira, ikuuza kompyuta kuti phazi lachoka pa akiseleleta. Kompyuta ikaona liwiro lakwera chonsecho throttle ndi yotseka, imayesa kuti mukutsika mtunda, imadula mafuta, liwiro limagwa, imawabwezeretsa, zimayambiranso. Mukazula pulagi ya TPS injini ili yotentha, kukwera ndi kutsika kuja kukasiya n'kutsala kulira kokwera kosasintha, dziwani kuti mukufuna mpweya wopitirira muyezo basi.

Zoyamba kuyeza sizinachedwetse. Kawaya katalumikizidwa pakati pa mapini a TE1 ndi E1 m'kabokosi ka diagnosis, nyali ya check engine imangophethira mofanana, kusonyeza kuti palibe code. Timing inali pa madigiri 10, kawayako kali pomwepo. Sensa ya kutentha kwa madzi imapereka pakati pa 2,000 ndi 3,000 ohms ikakhala yozizira, n'kutsika kufika cha m'ma 300 ikatentha, ndipo iyi inali m'malire. Mapaipi a vacuum, wa PCV (wopumira injini) ndi waukulu wopita ku booster ya mabuleki anafinyidwa ndi pulayazi mmodzimmodzi, kulira kwa injini osasintha.

Pa vacuum gauge pali chinthu chimene chimasocheretsa anthu kuno ku Joni. Mabuku amati injini yabwino imaonetsa 17 mpaka 21 inHg (mainchi a pa gejiyo) pa idle, koma chimenecho ndi chiwerengero cha m'mphepete mwa nyanja, kwa anzathu a ku Durban. Johannesburg ili pamwamba mamita pafupifupi 1,750, ndipo pa mamita 300 alionse geji imataya pafupifupi inchi imodzi. Ndiye mukaona 13 kapena 15 musayambe kumasula head poganiza kuti mavavu apsa. Chofunika n'chakuti singano ya gejiyo ikhale bata. MAP sensor nayonso, kiyi ali pa ON injini isanalire, imawerenga motsikirapo ndi theka la volti poyerekeza ndi za m'buku. Masensa ambiri abwinobwino atayidwa m'zinyalala chifukwa cha phiri limene tikukhalali.

Kuti mudziwe kumene mpweya ukudutsa, chotsani chipaipi chachikulu chochokera ku air filter, injini ili yotentha ndipo ikulira. M'kamwa mwa throttle body, kutsogolo kwa butterfly (kambale kotseguka mukaponda akiseleleta), muli bowo lopita ku idle valve, imene a Toyota amaitcha ISC. Litsekeni ndi chala. Pa galimoto iyi bowolo limayamwa chala mwamphamvu, ndipo litatsekedwa injini inagwa mpaka kuzima. Ikanapitiriza kuthamanga, ndiye kuti mpweya ukulowera kwina, mwina pa gasiketi ya manifold, mwina butterfly sikutseka yonse chifukwa cha kebulo yokokedwa kwambiri.

Valavuyo inachotsedwa pamodzi ndi throttle body yonse, chifukwa masikuluwu ake ali kunsi ndipo ndi ofewa mutu. Gwiritsani impact driver yomenya ndi hamala. Sikuludiraiva wamba amangowadya. M'kati munali mwaye wakuda wosakanikirana ndi oilo wochokera ku breather. Carb cleaner ndi mswachi wakale zinagwira ntchito mpaka kachitseko kozungulira ka m'valavumo kanayamba kutembenuka ndi chala popanda kugwira. Mankhwalawo asalowe mbali ya koilo. Koilo inayezedwa kuchokera pa pini yapakati kupita ku mapini awiri a m'mbali, mbali zonse pafupifupi 20 ohms, bwinobwino. Gasiketi ya labala ya valavuyo ikangotuluka imafufuma ndipo sibwereranso m'ngalande yake, choncho gulanitu yatsopano.

Zonse zitabwezeretsedwa, idle inatsikako pang'ono koma kusakhazikika kunabwerera injini itangotentha. Apa m'pamene panavuta, chifukwa chilichonse choyezeka ndi multimeter chinali m'malo mwake.

Yankho linabwera pogwira mapaipi ndi dzanja. Kunsi kwa valavuyo kuli timapaipi tiwiri ta madzi a injini, kena kolowetsa kena kotulutsa. Injini ikafika pa kutentha kwake, tonse tiwiri tiyenera kuotcha moti simungatigwire nthawi yaitali. Apa kamodzi kanali kofunda chabe, kachiwiri kozizira. M'valavumo muli sipuling'i ya bimetal imene imapindika ndi kutentha kwa madziwo, ndipo ndi imene imaika malire a mmene kachitseko kangatsekere. Madzi otentha akapanda kufika, sipuling'iyo imakhala ngati kukadali m'mawa, imagwira kachitseko kali kotseguka, ndipo kompyuta ngakhale ilamule kuti tseka, sizitheka. Code siituluka chifukwa mbali ya magetsi ilibe vuto.

Timapaipi titazulidwa, kamlomo kamodzi ka chitsulo kanali kodzaza ndi matope ofiirira ouma gwa, ndipo polowetsa waya pamatuluka zidutswa zonga njerwa yoperapera. Chokoshani ndi waya wolimba pang'onopang'ono, kenako pemererani madzi mpaka atuluke oyera mbali inayo. Musalowetsemo dirilo, chitsulo chadyeka kale ndi dzimbiri, chimabooka msanga. Yang'ananinso mbali ya injini kumene timapaipito tachokera, nakonso kumatsekeka. Timapaipi takale tinali titauma m'kati, ndiye tinasinthidwa pamodzi ndi makilampu.

Gwero la dzimbiri limeneli ndi madzi a pampopi othiridwa mu radiyeta kwa zaka zambiri. Anthu amati antifreeze ndi wa kumaiko a chipale chofewa, koma ntchito yake yaikulu ndi kuteteza zitsulo, ndiponso usiku wa mu June ndi July kuno kumazizira mpaka madzi kuundana. Sistimu yonse inatsukidwa, n'kuthiramo theka antifreeze theka madzi aja a batire (distilled water). Potulutsa mpweya, tsegulani chivundikiro cha radiyeta injini ili yozizira, ikani hita pa moto wonse, muilize mpaka fani izungulire, mukuwonjezera madzi thovu likamatuluka. Mpweya ukatsalira m'timapaipi tija, matenda omwewo amabwerera. Pomaliza zulani fyuzi yolembedwa kuti EFI kwa mphindi imodzi kuti kompyuta iiwale zakale. Kasikuluwu koimitsa butterfly kaja musakakhudze. Anthu amakatembenuza pofuna kutsitsa idle, kenako TPS imasokonekera, vuto limodzi n'kukhala awiri.

Za zipangizo, gasiketi ya valavu ndi bwino kuigula yeniyeni ya Toyota, chifukwa siidula ndipo imakwana ndendende. Paipi ya madzi yogula pa mita, makilampu ndi antifreeze zimapezeka ku Midas kapena ku AutoZone. Throttle body yathunthu yakale, kwa amene yawo kamlomo kathyoka, imapezeka m'masikirapu yadi a ku Booysens kapena cha ku Jules Street, ndipo imaposa mavalavu atsopano opanda dzina amene koilo yake imafa msanga. Nyamulani multimeter, yezani mapini atatu aja, pemererani m'kamlomo ka madzi musanalipire, ndipo muwerenge mapini a TPS kuti afanane ndi pulagi yanu, poti 4A-FE za zaka zosiyana sizifanana zonse.

Chatsala tsopano ndi oilo amene akudontha pa distributor, amene akuoneka kuti ndi O-ring. Popeza galimoto ikhala itamasulidwa kale, mwina ndi nthawi yosinthiratu timing belt ndi water pump, kuyeza mavavu, ndiponso kuona giya yachitatu imene ikukhadzula. Cholinga n'chakuti pofika December idutse Beitbridge, Tete ndi Mwanza mpaka ku Blantyre itanyamula katundu.