Thovu la mu thanki latha, injini yasiya kuzima m'mwamba

Ndege yaing'ono yoyendetsedwa ndi rimoti, ya mtundu wa trainer (yophunzirira kuulutsa), tsopano ikumaliza thanki yonse injini osazima. Ili ndi injini ya O.S. 46AX, propela ya 11x6, thanki ya mamililita 300 ndi mafuta a glow (a injini zoyaka ndi glow plug) a nitro 10%. Vuto lake ambiri mukulidziwa: pansi injini imalira bwinobwino, koma ikakwera, mafuta n'kufika theka, imayamba kutsamwa, kutentha, kenako zii. Kutsegulako needle valve (kasingano kolamulira kuchuluka kwa mafuta olowa mu injini) kapena kusintha glow plug (kapulagi ka waya wotentha koyatsa mafuta) sikunathandize, chifukwa injiniyo inalibe mlandu.

Choyambitsa chinali thovu. Injini ya silinda imodzi ikamazungulira ka 11,000 pa mphindi imanjenjemeretsa thupi lonse la ndege. Thanki ikakhudza thabwa paliponse, mafuta amakhutchumuka n'kuchita thovu ngati sopo m'beseni. Clunk (kachitsulo kolemera ka kunsonga kwa kachubu koyamwa mafuta mu thanki) imayamwa thovulo, mpweya umafika ku kabyuleta, injini n'kusowa mafuta. Thanki ikakhala yodzaza sizioneka, popeza mulibe mpata woti mafuta akhutchumukire. N'chifukwa chake poyesa pansi thirani theka lokha.

Musanang'ambe chilichonse, siyanitsani thovu ndi kubooka kwa thanki kapena machubu. Tulutsani thanki, muilumikize ndi machubu ataliko, mnzanu aigwire m'manja, injini ilire mpaka pamapeto. Timathovu tikatha mu chubu, ndiye kuti ndi kunjenjemera. Tikapitirira, tsekani machubu, uzirani mpweya, mizani thankiyo m'madzi muone pomwe pakutuluka mpweya. Kawirikawiri pamakhala pa stopper (chotsekera pakamwa pa thanki), kapena kachubu ka silicone kachekeka pamlomo wa kachubu kamkuwa.

Thanki iyenera kukutidwa ndi siponji kuti isakhudze thabwa, koma pa ndege iyi chipinda cha thanki n'chothina, ndipo apa ndi pomwe panadya nthawi. Siponji ya latex ya mamilimita 6 inkalowa, koma itafinyika mpaka kuuma gwa. Siponji yofinyika sitchinga kanthu, imangodutsitsa kunjenjemera konse monga likanachitira thabwa. Iyenera kugwira thanki kuti isayende, koma mukaikankha ndi chala izisunthako pang'ono n'kubwerera. Ndinakulitsa bowo la former yachiwiri (thabwa lopingasa la m'kati mwa thupi la ndege) ndi mamilimita 4 mbali zonse, n'kumata plywood yopyapyala kumbuyo kwake kuti isafooke. Pansi pa thanki pali siponji ya mamilimita 12, m'mbali ndi pamwamba ya 6, ndipo kutsogolo kuli kachidutswa kena kolekanitsa stopper ndi firewall (thabwa lomwe injini imamangidwapo). Kutsogoloko ambiri amaiwala. Polystyrene yoyera ya m'makatoni musaiyese n'komwe, ndi youma. Pomanga gwiritsani ntchito lamba wa Velcro pamwamba pa siponji, osati cable tie, yomwe imafinya ndipo pakapita nthawi imadya pulasitiki ya thanki.

Timachubu tamkuwa tisakhudze firewall. Podutsa pabowo pakhale silicone yokha, yosakokeka. Clunk italikire khoma la kumbuyo ndi mamilimita 6, ndipo mukatembenuza thanki muziimva ikugwa mbali zonse. Pakati pa thanki palingane ndi spray bar (kachubu kopopera mafuta mu kabyuleta) kapena patsikeko pang'ono.

Komabe siponji siingapulumutse ndege ya propela yolemera mbali imodzi. Ya pa ndege iyi inali yatsopano koma pa balancer (chipangizo choyezera ngati propela ikulemera mofanana mbali zonse) inkagwera mbali imodzi. Palani ndi sandipepa yosalala pankhope ya tsamba lolemeralo, osafupikitsa nsonga, mpaka iziima paliponse mwaisiya. Spinner (kachipewa ka kutsogolo kwa propela) nayo muione, komanso mabawuti a engine mount (chomangirapo injini).

Pa zogula, ndimakonda siponji ndi Tru-Spin balancer za Du-Bro, pomwe mathanki ndimatenga a Sullivan chifukwa ali ndi maonekedwe ambiri olowa m'malo ovuta. Ena amadonthezera Armor All (mankhwala opukutira dashibodi ya galimoto) m'mafuta kuti thovu lithe. Limathadi, koma silicone yake imaunjikana pa waya wa glow plug, ndiye ine sindilimbikitsa. A injini za petulo kumbukirani kuti machubu a silicone amafufuma mu petulo, kumeneko pamafunika machubu a Tygon.

Chotsatira ndi biplane (ndege ya mapiko osanjikizana) ya injini ya four-stroke, yomwe imagunda mwamphamvu kuposa iyi. Ndikuganiza zoikamo thanki ya Tettra yokhala ndi kathumba mkati, momwe mafuta sakumana ndi mpweya n'komwe. Ikayenda bwino, mwina ya injini ziwiri, thanki iliyonse m'nacelle mwake (chipinda cha injini pa phiko).