Kumbani dzenje limodzi mu Febuluwale musanagule simenti

Poloti ya ku Bembeke ndi ya ku Bwanje sizimangidwa mofanana, ngakhale pulani ikhale imodzi. Kumtunda kuno, kuchokera pa boma la Dedza kudutsa Lizulu mpaka ku Tsangano, dothi lambiri ndi katondo wofiira. Mukatsetsereka ku Golomoti kulowa m'chigwa, mumapeza makande akuda, pena mchenga.

Kumbani dzenje lakuya mita imodzi ndi theka mvula ili pakati, chifukwa mu Okutobala poloti iliyonse imaoneka youma. Yang'anani m'mbali mwake. Likafiira mpaka pansi, madzi amadutsa bwino. Likatuwa, lili ndi madontho ngati dzimbiri, madzi amakhazikika pamenepo chaka ndi chaka. Tapani dothi la pansi, mulinyowetse, mulipote m'manja ngati chingwe. Likamayoyoka ndi mchenga. Likapindika ngati chibangili osathyoka, ndi dongo lenileni.

Pa katondo, nyumba wamba imakhala bwino pa maziko a masentimita 60 m'lifupi, akuya 60 mpaka 90, bola mwadutsa dothi lakuda la pamwamba ndi mizu yonse. Konkire wake ndi muyeso umodzi wa simenti, itatu ya mchenga, isanu ndi umodzi ya miyala. Pamalo otsetsereka maziko azitsika ngati masitepe, osati motsata phiri.

Makande ndiwo amaliritsa anthu. Akamwa madzi amafufuma, akauma amanyala n'kung'ambika ming'alu yolowa dzanja. Nyumba imakwera ndi kutsika nawo, koma osati mofanana: m'mbali mumanyowa ndi kuuma msanga pamene pakati sipasintha kwenikweni. N'chifukwa chake mng'alu umayambira pakona ya windo n'kukwera chopingasa, zitseko n'kumakana kutseka nthawi ya dzinja. Kumata mng'alu wotere n'kutaya simenti. Kumbani maziko kupitirira mita imodzi, ikani zitsulo za Y12 (zonenepa mamilimita 12) m'konkire wa 1:2:4 (muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala), ndipo ring beam, lamba wa konkire wa zitsulo wozungulira nyumba pamwamba pa makoma, musaisiye. Zungulizani nyumba ndi kakhonde ka simenti ka mita imodzi kopendekera kunja, kuti madzi a padenga asalowe m'maziko. Bulugamu akhale kutali, amayamwa madzi mbali imodzi n'kupendeketsa khoma.

Za septic tank, thanki yolandira zoipa za chimbudzi cha madzi, vuto silikhala thankiyo koma soakaway, dzenje lomwetsa madzi aja. Pansi pa dzenje lanu loyesera kumbani kadzenje ka masentimita 30 mbali zonse, mukadzaze madzi, kagone. M'mawa dzazaninso, muwerenge nthawi imene madzi atsike masentimita 15. Pakati pa theka la ola ndi maola anayi, dothi ndi labwino. Kupitirira apo soakaway idzasefukira, fungo lili pakhomo. Apo konzani ngalande zazitali zosaya zodzaza miyala, kapena chimbudzi chosafuna madzi. Madzi a m'kadzenje kaja akatha m'mphindi zochepa, zoipa zidzathamangira ku chitsime zisanasefedwe. Chitsime chikhale mamita 30 kapena kuposa kuchokera pa soakaway, kumtunda kwake, ndipo pansi pa soakaway pasiyane ndi madzi a pansi mita imodzi ndi theka. Pa mchenga, dzenje la chimbudzi likhale lozungulira, lomangira njerwa kuchokera pansi. Lamakona losamangira ndi limene limagwa mu Januwale.

Kudimba nkhani imatembenuka. Makande ovuta kumangapo aja ali ndi chonde, kungoti amafuna mabedi okwera ndi manyowa, ndipo musawalime ali chinyowere, amauma ngati njerwa. Osathiramo mchenga poganiza kuti afewa. Katondo wa ku Bembeke ngowawasa, ndiye feteleza sagwira mokwanira, nyemba zimapinimbira. Laimu wa ulimi amathandiza mukamusakaniza ndi dothi miyezi iwiri kapena itatu musanabzale, koma yezetsani kaye dothi kudzera kwa alangizi. Pomwe mukubzala kachewere chepetsani laimuyo, chifukwa akachuluka khungu la mbatatesi limachita nkhanambo ndipo pa Lizulu ogula amazilambalala.